Lipoti la maphunziro a ku Zomba pa za kuiwalaiwala kwa asilikali opuma

Amayi apampando ndi amayi anzanga nonse, ndabwerako ku maphunziro a masiku awiri amene munandituma aja. Ndalama yoyendera inakwana, malisiti ndasiya kwa amsungichuma.

Funso lanu lija ndinalifunsa tsiku loyamba lomwe: zimatheka bwanji kuti abambo amene anakamenya nkhondo ku Congo, kapena amene ankalondera njanji ya ku Nacala, aziiwala zomwe mwawauza m'mawa koma za kunkhondo n'kumazikumbuka ngati zadzulo? Kwathunso n'chimodzimodzi. Amuna anga ndikawatuma sopo ndi shuga amabwera ndi sopo yekha, koma muwayambe za ku Beni, ku Congo kuja, akuuzani mpaka fungo la nkhalango.

Adokotala anati nthawi zambiri nkhaniyo imakhala kuti siinalowe n'komwe m'mutu. Munthu wodwala PTSD, matenda obwera chifukwa cha zoopsa zimene anaona, maganizo ake amakhalabe pa ulonda. Inu mukulankhula, iwo khutu lili ku chitseko chimene chamenyetseka kwa aneba. Usiku maloto oipa amawadzutsa, chonsecho tulo ndi timene timasunga bwino zomwe munthu wamva masana. Pakabweranso kukhumudwa kosatherapo, kuja achipatala amati depression, ndiye mutu umachita kulemera, kuganiza kumachedwa. Ndinachita manyazi, amayi, pokumbukira kangati ndawanena kuti amachitira dala.

Anatiuzanso za kafukufuku wa ku America. Mu 1995 anajambula ubongo wa asilikali amene anamenya nkhondo ku Vietnam, napeza kuti mwa odwala PTSD kachigawo kothandiza kukumbukira, kotchedwa hippocampus, kanali kocheperako. Koma mu 2002 atayeza mapasa, wina wopita kunkhondo wina ayi, anaona kuti ngakhale m'bale wa wodwala PTSD amene sanapite kunkhondo anali nako kakang'ono. Ndiye tisathamangire kunena kuti nkhondo inawadya ubongo. Chimene chinandidetsa nkhawa ndi cha mu 2010: asilikali achikulire okhala ndi PTSD, chiopsezo chawo chodzadwala matenda oiwala a ukalamba chinali pafupifupi kuwirikiza kawiri.

Mowa umene ena amamwa kuti agone umaonjezera vutoli, chimodzimodzi mapiritsi ogonetsa a diazepam ogula mwamseri. Mankhwala a PTSD ndi depression ngati fluoxetine amatenga masabata angapo asanayambe kuthandiza, choncho asawasiyire panjira. Amene bomba linawaphulikira pafupi awauze adokotala, chifukwa kuvulala m'mutu nakonso kumaiwalitsa. Poyambira ndi pa chipatala cha boma, ndipo akhoza kukutumizani ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Tsiku lachiwiri linathera malonje ndi zolankhula za akuluakulu, za ife owasamalira sanakambepo zambiri. Ndikupempha kuti pa msonkhano wa Loweruka tikagwirizane mawu owauzira abambowa, poti angomva kuti "chipatala cha amisala" sadzukanso pampando.