Mwana wanga, konza chipinda cha amayi ako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikulemba ndili pakhonde kuno ku Chinamwali, dzuwa likulowa kuseri kwa phiri. Ife tilipo. Mng'ono wako ali m'nyumbamu, maso ali pa mabuku a Fomu 4, ndipo madzi a nsima ali pamoto. Ndasankha kalata chifukwa pafoni umafulumira kunena kuti "ndamva bambo" ndisanafike pamutu pa nkhani.

Ndinaona zimene munalemberana ndi mlongo wako pa WhatsApp Lachiwiri usiku. Iwe unati ndalama ukutumiza mwezi ndi mwezi koma sukuona kumene zikulowera. Iye anati ubwere udzagone pamkeka usiku umodzi wokha, kenaka anatuluka m'gulu la banja lija. Tulo sindinatione. Amayi ako nkhaniyi inawapeza, poti nyumba ya azakhali ako ku Ndirande ndi yaing'ono, munthu sangalire mobisa. Dzulo anandifunsa pafoni, mawu ali pansipansi: "Bambo, kodi matenda angawa ndi amene akudanitsa ana anga?" Ndinasowa pogwira.

Ndalama zako zikutithandiza, ndipo ndikuthokoza ndi mtima wonse. Koma iwe amayi ako unawaona komaliza asanayambe mankhwala, choncho ndikuuze zimene maso anga aona.

Ku chipatala cha Queens mankhwala a khansa ya m'mawereyi, aja amati kemo, akulandira kudzera m'diripi kamodzi pa masabata atatu alionse. Asanawapatse amayamba ayeza magazi, ndipo akapezeka ochepa mphamvu amawauza kuti adikire kaye. Mankhwalawo amapha khansa, komanso amagwetsa chitetezo cha m'thupi kwa masiku angapo, moti thupi likangotentha safunika kudikira kuti kuche. N'chifukwa chake tinagwirizana kuti azikhala ku Blantyre konko. Ukaona pamapu, Zomba ndi Blantyre ndi pafupi, makilomita osapitirira 70. Koma ulendo woyamba tinayesa kubwerera nawo kunyumba, ndipo pofika pa Namadzi anali atasanza kawiri m'minibasi, pa Thondwe tinachita kutsika n'kuwakhazika pamthunzi. Sindifuna adzaonenso zotere.

Chipatala cha boma sichilipiritsa, n'zoona. Chimene chimadya ndalama ndi galimoto ya hayala tsiku lomwe miyendo yakana, makala, sopo, mazira, mkaka, ndi kuthandizako ndiwo pakhomo pa azakhali ako, chifukwa mlendo wa miyezi salinso mlendo. Mlongo wako amalemba zonsezi m'kope la sukulu. Ndinaliwerenga ndekha. Palibe tambala imene yasochera.

Zina kope silingalembe. Masiku otsatira diripi, amayi ako fungo la usipa wokazinga limawabwezetsa, ngakhale madzi amati akumveka chitsulo m'kamwa. Mlongo wako amadzuka kusanache kuphika phala lopyapyala, amawamwetsa ndi supuni, akabweza amatsuka beseni n'kuyambanso. Nditapita mwezi watha ndinawapeza atamanga duku mpaka m'maso. Mlongo wako anandikokera kuseri kwa nyumba, namasula kansalu: munali tsitsi la amayi ako, lomwe linatsalira pa pilo ndi m'chipeso. Lotsalalo anawameta yekha, akuimba nyimbo ya kumvano kuti asaone misozi yake. A dokotala anati lidzameranso mankhwala akatha, ndipo ndikukhulupirira. Koma amene anagwira lumo tsiku limenelo ndi mwana yemweyu, amene watseka benchi lake mumsika wa Zomba, nasiya ana ake awiri ndi bambo awo ku Matawale. Munthu wotere ukamufunsa za ndalama pagulu, iye amamva ngati wamutcha wakuba.

Sindikunena kuti iye analankhula bwino. Ndamudzudzula kale. Koma wamkulu ndiwe, chisamba changa, ndiye uyambe ndiwe kuimba. Usalembe uthenga, imba. Umufunse ngati wadya, ngati anagona, usanatchule china chilichonse. Chibale ndi fupa sichiwola, inde, koma ndaona ndi maso anga abale a bere limodzi akudutsana osapatsana moni chifukwa cha mawu amene analankhulana pa matenda a kholo.

Atsibweni ako anabwera kudzandiuza kuti pali munthu walodza mlongo wawo, tipite nawo kwa sing'anga ndipo tisiye za diripi. Ndinawalandira mwaulemu, ndinawakanira. Akakuimbira, uwayankhe chimodzimodzi. Tikangoyamba kulozana zala, mudzi ugawanika, ndipo chotupacho chizingokula ife tili pa milandu. Khansa si ufiti, komanso sipatsirana. Ine ndimadya nawo m'mbale imodzi. Chimene chimandiwawa n'choti kachotupako anakamva kalekale, koma anakhala chete miyezi yambiri poti sikankapweteka. Akazi ako uwauze zimenezi: akamva kachotupa m'bere asadikire ululu, ndipo za kuyezetsa khomo la chiberekero asazengereze.

Tsopano nkhani imene ndakulemberayi. A dokotala atiuza kuti akamaliza kemo ndi opaleshoni, amayi ako afunika radiotherapy, ija anthu amati kuwotcha ndi makina. Kale odwala ankachita kutumizidwa kunja, ku India kapena ku Tanzania, ndipo ambiri ankadikira nthawi yaitali. Panopa ku Lilongwe kuli National Cancer Centre, pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, ndipo kumeneko n'kumene tikuyembekeza kupita. Thandizo limeneli amapereka tsiku ndi tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata angapo. Kuchoka kuno kudzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza ndi makilomita pafupifupi 300. Ine sindingasiye mng'ono wako yekha mayeso ali pakhomo, ndipo mlongo wako ayenera kubwerera kwa ana ake asanamuiwale nkhope. Ku Lilongwe nyumba yoti tingafikire ndi yakoyo.

Konza chipinda. Chikhale chopita mphepo, kutali ndi utsi wa mbaula, chimbudzi chili pafupi. Koma usanasunthe mpando ngakhale umodzi, khala pansi ndi akazi ako. Uwapemphe, usawalamule. Kusamala apongozi odwala si ntchito yongomugwetsera munthu chifukwa ndi wamkazi. Kuntchito kwako ukapemphe masiku, kuti m'mawa wina uziwaperekeza iwe mwini, ukhale nawo pabenchi, umve ndi makutu ako zimene a dokotala akunena.

Adzukulu anga usawanamize kuti agogo ali ndi malungo. Mng'ono wako tinamubisira masabata atatu, ndipo anakamva kwa anzake kutchalitchi. Anakhala masiku osandilankhula, ndipo kulakwa kunali kwanga. Ana auze mofatsa kuti agogo akudwala khansa, akulandira mankhwala amphamvu, tsitsi lathothoka koma ndi agogo awo omwewo. Akafika adzawathamangire ngati kale.

Pakali pano uziwaimbira amayi ako madzulo, akatha kudya. Osangofunsa kuti "mukupeza bwanji", funso limenelo atopa nalo. Uwauze za mwana wako amene wayamba kuyenda, uwafunse maganizo pa za munda wathu, chimanga tigulitse kapena tisunge. Tsiku lina ndinawafunsa mbewu yoti tidzadzale chaka chino, anandilongosolera mphindi makumi awiri, mawu ali amphamvu ngati sakudwala. Akufuna adziwe kuti pakhomo pano mawu awo akadali ndi malo.

Loweruka lino ndikwera minibasi ya m'mawa kupita ku Ndirande. Ndatenga ufa wa mgaiwa, matemba a ku Kachulu a azakhali ako, ndi mabulosi a ku Chawe, poti ndi chinthu chokhacho chimene amayi ako anachitchula ndi pakamwa pawo. Ngati ungathe, kwera basi ya Lachisanu tikakumane kumeneko. Sindinawauze kanthu, kuopa angadikire pachabe. Undiyankhe pofika Lachinayi.

Moni kwa apongozi anga ndi adzukulu.

Ndine,
Bambo ako