Munda wachionetsero si kafukufuku

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mawu akuti "kafukufuku waonetsa", amene ogulitsa mbewu akuwatchula paliponse masiku ano.

Mu Epulo ndinapita kukaona munda wachionetsero cha ku Chongwe. Chimanga cha mbewu yatsopano chinali chosiririka, zisononkho ziwiriziwiri. Pambali pake panali cha makolo, chonyentchera, ndipo anthu anaombera m'manja chatsopanocho. Nditacheza ndi mnyamata wosamalira mundawo, anandiuza kuti chatsopanocho anachibzala ndi mvula yoyamba, chakumunsi kosunga chinyezi, n'kuchithira D compound ndi urea. Cha makolo anachibzala patapita milungu itatu, pamtunda pa miyala, ndipo feteleza sichinamulawe n'komwe.

Nanga chinapambana apa n'chiyani? Mbewu, feteleza, nthaka kapena tsiku lobzala? Palibe angayankhe, chifukwa zonse zinayi anazisintha nthawi imodzi. Mwina mbewuyo ndi yabwinodi, koma munda umenewo sungaichitire umboni.

Vutoli si lachilendo. M'zaka za m'ma 1920, katswiri wa masamu Ronald Fisher, pa malo a kafukufuku wa zaulimi a Rothamsted ku England, anaonetsa kuti poyerekeza mbewu pamafunika timinda tambiri tosamalidwa mofanana, ndipo mbewu iliyonse ipatsidwe malo mwa maere, osati mwa kufuna kwa mwini wake.

Pempho langa n'lakuti atolankhani anu, asanalembe kuti mbewu yakuti yakolola kawiri kuposa inzake, azifunsa kuti inzakeyo anaibzala liti, pati, ndipo anaithira chiyani. Ife timagula mbewu ndi ndalama yomwe tikanalipirira lendi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Matero, Lusaka