Kalata kwa mwana wanga pa za maphunziro a kadyedwe ka agalu ndi amphaka

Mwana wanga wokondedwa,

Kalata yako ndailandira, ndipo ndakondwera kumva kuti mtima wako wakhazikika pa ukatswiri wa kadyedwe ka agalu ndi amphaka, ngakhale kuti anzako ambiri amene munamaliza nawo udokotala wa ziweto akuthamangira ku maopaleshoni. Wandifunsa ngati uyenera kuyamba ndi chaka cha internship, chophunzirira ntchito m'chipatala cha nyama, kapena kufunafuna njira yachidule. Ine ndikuti chaka chimenecho usachilumphe, ndipo posankha kokaphunzira uyang'ane choyamba kuchuluka kwa nyama zodwala zimene zizidutsa m'manja mwako, kutchuka kwa sukulu kubwere pambuyo.

Njira yake ukuidziwa kale: chaka chimodzi chozungulira m'zigawo zonse za chipatala cha nyama, kenako zaka ziwiri kapena zitatu za residency, maphunziro a ukatswiri, pansi pa katswiri wovomerezeka, kafukufuku, ndi mayeso a bungwe monga ECVCN ku Ulaya kapena ACVIM ku America. Chaka choyambacho chimaoneka ngati chongochedwetsa, koma nkhani ya chakudya sibwera yokha m'chipatala. Imabwera ndi mphaka wa impso zofooka amene akufunika fosifolasi wochepa koma sakufuna n'kununkhiza komwe mbale, kapena ndi galu wotupa kapamba amene mafuta angamubwezeretse pa bedi. Wosadziwa bwino matendawo amalemba ndondomeko yokoma papepala imene nyama yodwalayo singaipirire.

Ndikufuna kuti ukaone ndi maso ako mphaka wonenepa amene wasiya kudya kwa masiku angapo. Mafuta a m'thupi mwake amakhamukira ku chiwindi mpaka chimalephera kugwira ntchito, ndipo ukatukula mlomo umapeza nkhama zasanduka zachikasu. Mphaka wotereyu amapulumuka ndi chakudya, nthawi zambiri chodzera m'chubu cholowetsa pamphuno kapena pakhosi kukafika kummero. Masamu a makalori savuta, ndi aja munaloweza kusukulu a 70 × kg^0.75, koma dokotala wachangu akapereka muyeso wonse tsiku loyamba, insulini imakokera fosifolasi, potaziyamu ndi maginiziyamu m'maselo, m'magazi n'kutsala ochepa. Pamenepo mphaka amafooka, khosi limagwa mpaka chibwano kufuna kukhudza pachifuwa, ndipo maselo ofiira a magazi amatha kuphulika. N'chifukwa chake timayamba ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, n'kumawonjezera pang'onopang'ono kwinaku tikuyeza magazi. Izi zimakhazikika m'mutu ukazichita wekha usiku, katswiri ali pafupi woti akuimitse dzanja usanalakwitse.

Amene akukuuza kuti kadyedwe ndi phunziro laling'ono uwakumbutse za 1987. Chisanafike chaka chimenecho, amphaka ambiri ankafa ndi nthenda yofutukula mtima, madokotala akuiona ngati yosachizika, mpaka Paul Pion ndi anzake ku University of California, Davis, anasonyeza kuti gwero lake linali kuchepa kwa taurine, chinthu china chofunika m'chakudya cha mphaka, ndipo kuti mtima umabwerera mwakale mphaka akapatsidwa taurine wokwanira. Opanga zakudya atawonjezera taurine, nthendayo inachepa kwambiri. Mu 2011 bungwe la padziko lonse la madokotala a agalu ndi amphaka la WSAVA linalangiza kuti kadyedwe kaziyezedwa pa nyama iliyonse yobwera kuchipatala, limodzi ndi kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi ululu.

Luso limene sadzakuyesa mokwanira pa mayeso ndilo lofunsa mwini nyama. Ukamufunsa kuti galu amadya chiyani, adzakutchulira dzina la pathumba basi, osakumbukira zotsala za patebulo, tizakudya tomunyengerera nato, ngakhale chimene amabisamo mankhwala. Umufunse kuti m'nyumbamo winanso amene amamudyetsa ndani, ndipo umupemphe akusonyeze kapu yoyezera. Kenako ugwire dzanja lake, uliike pa nthiti za galuyo, amve yekha ngati zikumveka mosavuta, popeza nambala 7 pa muyeso wa kunenepa wa 1 mpaka 9 simukhudza mtima ngati mmene zala zake zingamuuzire. Kafukufuku wa mu 2002 pa agalu 48 a mtundu wa Labrador anapeza kuti odya chakudya chochepa ndi 25 peresenti anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo. Nkhaniyi uzimuuza mwini galu mofatsa, chifukwa ambiri amadyetsa mopitirira muyeso chifukwa cha chikondi.

Malo ambiri a residency amathandizidwa ndi makampani opanga zakudya za nyama. Zimenezo si zoipa pazokha, pakuti kafukufuku wa agalu a Labrador uja anachitidwa ndi Purina, komabe usanasaine uwafunse ngati udzakhala ndi ufulu wolangiza chakudya cha kampani ina, ngati adzakuphunzitsa kukonza wekha ndondomeko ya chakudya chophika pakhomo chokhala ndi kashiamu ndi mavitamini okwanira, komanso ngati katswiri wokuyang'anira amapezeka m'chipatala masiku onse. Akakuyankha unditumizire mayankhowo, tidzawawerenge limodzi usanasankhe.

Ndine mayi ako wokukonda.