Kuwerenga anthu kapena kukhala nawo pamphasa

Wokondedwa mnzanga,

Ndalandira kalata yanu ya ku Leeds yofunsa njira imene mungatsate pa kafukufuku wanu wa atsikana osiyira sukulu panjira ku Machinga: ya ziwerengero, imene aphunzitsi anu akuitcha quantitative, kapena yocheza ndi anthu mozama, ya qualitative.

Njira ya ziwerengero sindiipeputsa ayi. Kalembera wa 2018, amene anachita a National Statistical Office kuno ku Zomba, ndiye anatiuza kuti m'Malawi muno tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo palibe macheza a pamphasa amene akanatipatsa nambala imeneyo. Mukafunsa anthu ambiri osankhidwa mwamaere funso limodzimodzi, mumatha kufananiza boma ndi boma linzake, chaka ndi chaka chinzake. Vuto lake n'lakuti fomu imafunsa zokhazo zimene woilemba ankaziganizira kale. Mtsikana akapatsidwa mayankho anayi, umphawi, mimba, banja ndi "zina", amasankha limene silimuchititsa manyazi pamaso pa mlendo, ndipo nkhani ya agogo odwala amene ankawasamalira, kapena ya chimbudzi chopanda chitseko masiku amene ali kumwezi, imakwiririka m'kabokosi ka "zina".

Mukumbukire ntchito ya mayi Susan Watkins a ku University of Pennsylvania ndi anzawo. Mu 1998 anayamba kufunsa anthu a ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka pogwiritsa ntchito mafomu, koma chaka chotsatira anapempha anthu ena a m'midzi momwemo kuti azilemba m'makope zimene akumva anzawo akukamba za Edzi pamjigo, pamaliro ndi m'minibasi. Panthawiyo akatswiri ambiri ankati anthu akumudzi akhala chete pa matendawa, koma makopewo anaonetsa kuti ankakambirana tsiku ndi tsiku, kuchenjezana, ngakhale kutchula amene akuwakayikira. Tsatanetsatane wa macheza oterewa sakanatuluka pa fomu.

Komabe musaiwale kuti atsikana makumi awiri amene mungacheze nawo mozama sangayankhulire boma lonse la Machinga, ndiponso wofufuza amakonda kumvetsera kwambiri mawu ogwirizana ndi zimene anabwera nazo m'mutu. Kulemba zonse zimene mwajambula pa macheza a ola limodzi kumadyanso maola angapo, ndiye nthawiyo muiwerengeretu.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi macheza kwa miyezi iwiri, kukhala pansi ndi atsikanawo, amayi awo ndi anankungwi, kenaka n'kulemba mafunso a pa fomu kuchokera m'mawu awo omwe, kuti ziwerengero zidzandiuze kukula kwa vuto limene iwo eni alitchula. Mupezeretu wokuthandizani wamkazi woyankhula bwino Chiyao, chifukwa zina mtsikana sangaziulule m'Chichewa kapena kwa mwamuna. Mundiuze mwezi umene mudzafike, ndipo ndikupemphani kuti ukhale wa pambuyo pa mvula, misewu ya kumidzi itauma.

Ndine mnzanu,
wa ku Zomba