Nkhani za masewera zimatsekula pakamwa kuntchito

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono, koma imene ine, nditagwira ntchito ya ukalaliki kwa zaka 15 pa ofesi ina pano pa Dedza boma, ndafika poiona kuti ndi yofunika kwambiri. Ndikunena za macheza a masewera amene timayamba nawo tsiku kuntchito, makamaka Lolemba m'mawa, pamene aliyense wafika atadzifunditsa jekete chifukwa cha chisanu chotsika m'phiri ndipo madzi a tiyi asanawire. Alipo mabwana amene amati macheza oterewa ndi kuba nthawi ya ntchito, ndipo ndinamvapo wina akulamula kuti nkhani za mpira zizithera pageti. Ine sindigwirizana nawo, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake.

Ife Amalawi ndife anthu aulemu, ndipo palibe amene amalowa mu ofesi osapereka moni. Vuto limayamba moni ukatha. Mukafunsana kuti mwadzuka bwanji, kunyumba kuli bwanji, ana adzuka bwanji, pamagwa bata, ndipo wamng'ono amazyolika n'kulunjika pa tebulo lake chifukwa sadziwa chimene angalankhule ndi wamkulu popanda kuoneka wamwano. Zandale ndi moto, makamaka kwa ogwira ntchito m'boma, chifukwa mawu amodzi okha akhoza kukupatsani dzina la chipani limene simudzalichotsanso. Zachipembedzo zimagawa anthu, za mtundu ndi chigawo chimene munthu akuchokera ndiye zoopsa koposa, ndipo za mtengo wa feteleza ndi chimanga zimathera m'madandaulo amene amalemetsa mtima tsiku lonse. Mpira wokha ndi umene umalola mlonda kuuza mkulu wa ofesi kuti, "Bwana, apa ndiye mwalakwitsa, penate ija inali yoona," bwanayo n'kuseka, n'kuyankha, popanda wina kumva kuti wanyozedwa. Sindikudziwa nkhani ina iliyonse imene imaika mesenjala, dalaivala, wowerengera ndalama ndi bwana pa mkeka umodzi motere.

Chimene chinanditsimikizira zimenezi chinachitika mu Januwale 2022. Tinali ndi mnyamata amene anangolembedwa kumene ntchito yosunga katundu, wochokera kutali ndi kuno, ndipo kwa miyezi itatu sitinamumvepo akulankhula china choposa moni ndi "zikomo bwana". Nthawi ya tiyi ankakhala payekha, ndipo ambiri tinamuweruza kuti ndi wodzikonda. Usiku wa pa 25 Januwale, Flames inakumana ndi Morocco mumzinda wa Yaoundé ku Cameroon, mu ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa, ndime imene dziko lathu linali lisanafikemo chiyambire. Tonse tikukumbukira chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa ali kutali ndi golo masewero atangoyamba kumene, ndiponso mmene Youssef En-Nesyri anabwezera kutatsala pang'ono kupumula, kenako Achraf Hakimi n'kutimaliza ndi firikiki m'chigawo chachiwiri. Tinagonja 2-1, koma m'mawa mwake anthu anafika kuntchito ali ndi nkhope za opambana.

Tili mkati motamanda Mhango, mnyamata uja analankhula kuchokera pakona pake, mawu ali pansi, kuti munthu amene anatisunga usiku umenewo anali goloboyi Charles Thom, ndipo kuti pakadapanda iye zigoli zikadachuluka. Anayamba kutchula mipira imene Thom anachotsa, umodzi ndi umodzi, mwadongosolo lake, ndipo ofesi yonse inatembenukira kwa iye. Mkulu wathu anati, "Achimwene, inuyo mumaona zinthu chonchi koma mumangokhala chete?" Patapita sabata imodzi, mnyamata yemweyo analimba mtima n'kukagogoda pachitseko cha mkuluyo kukamusonyeza kuti kalembedwe kathu ka katundu wolowa ndi wotuluka kanali ndi cholakwika chimene chinkachititsa kuti mabuku asamagwirizane pakutha pa mwezi. Anali atachiona kuyambira sabata yake yoyamba, koma analibe poyambira. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kangametenji ngati eni mudzi sanamupatse mlendoyo mpata wotsekula thumba lake? Kwa ife, mpatawo unabwera ndi nkhani ya goloboyi.

Kuno ku Dedza tili ndi mwayi wina umene kale tinalibe. Zaka zonsezi tinkakangana za matimu a kutali: a Bullets ndi a Wanderers a ku Blantyre, a Silver Strikers a ku Lilongwe, ndiponso Manchester United, Arsenal, Liverpool ndi Chelsea, zimene anyamata amakaonera m'malo oonetsera mpira kuyambira ku Chimbiya mpaka ku Lizulu. Koma chilowereni Dedza Dynamos mu Super League mu 2022, wotsatira Maule (Bullets) ndi wotsatira Manoma (Wanderers) amapezeka atakhala limodzi pa Dedza Stadium akuchemerera timu imodzi, ndipo Lolemba amafika ku ofesi ali ndi nkhani imene onse awiri anaiona ndi maso awo. Munthu amene wangosamutsidwira kuno sayenera kuvutika kuganiza poyambira macheza. Angofunsa kuti anyamata athu asewera bwanji, ndipo adzapeza womuyankha ngakhale pamzere wa kubanki.

Komabe ndiyenera kudzudzula amuna anzanga pa chinthu chimodzi chimene chimandipweteka. Nthawi zambiri macheza athuwa timawasandutsa bwalo la amuna okhaokha, ndipo mayi akaponyapo mawu timamuyang'ana ngati walowa m'dambwe. Zimenezi n'zopanda chilungamo, ndiponso zimasonyeza kusadziwa mbiri ya masewera a dziko lathu, chifukwa ulemu waukulu umene Malawi walandira kunja wabwera ndi amayi. Mu 2015, ku Sydney, Mwai Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa chikho cha dziko lonse cha mpira wamanja. Mu 2018, ku Gold Coast, Malawi Queens inagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewera a Commonwealth, chinthu chimene dziko lonse silinayembekezere. Mu 2023 Scorchers, timu yathu ya amayi ya mpira wamiyendo, inatenga chikho cha COSAFA cha maiko a kumwera kwa Africa itagonjetsa Zambia 2-1, ndipo mu 2024 Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America ali ndi Kansas City Current, n'kusankhidwa wosewera wopambana wa chaka, pamene mkulu wake Tabitha anali atatsogolera kale omwetsa zigoli ku Italy ali ndi Inter Milan. Mwamuna amene amadziwa osewera onse a Arsenal pamtima koma sadziwa zimenezi alibe chifukwa chotsekera mayi pakamwa. Pa ofesi yathu pali amayi amene anasewera ntchemberembaye ali kusukulu, ndipo tsiku limene tinayamba kuwafunsa za Queens ndi pamene tinazindikira kuti kwa zaka zambiri theka la ofesi linkangomvetsera macheza a theka linalo.

Palinso zina zoononga macheza abwinowa. Kuseka mnzako timu yake ikagonja ndi mbali ya chisangalalo, koma kumutsatira nazo tsiku lonse, kapena kulowetsamo kwawo ndi mtundu wake, ndi chipongwe chabe chimene chavala jezi. Ndipo masiku ano kwadza juga ya pafoni, moti anyamata ena salankhulanso za mmene timu yasewerera koma za ndalama zimene zawapulumuka chifukwa cha chigoli chimodzi. Ndaona ndi maso anga wantchito akuyamba kubwereka ndalama kwa anzake mwezi usanafike n'pakati pomwe chifukwa cha kubetcha, ndipo amene anamuphunzitsa anali anzake a mu ofesi momwemo. Ife achikulire tikaona macheza akulowera kumeneko tiyenera kuwabweza ku bwalo, osati kusekerera.

Tizikumbukiranso kuti si aliyense amene amakonda mpira, ndipo amene saukonda asamaoneke ngati mlendo pantchito pake. Wina amakonda bawo, wina nkhonya, wina kuthamanga, ndipo wina sakonda chilichonse mwa izi. Njira yabwino ndi kuyamba ndi funso, monga lakuti, "Amayi, munamvera mpira wa dzulo?" Munthu akayankha kuti ayi, tisamuumirize, koma timufunse zimene iye anachita kumapeto a sabata.

Choncho ndikupempha akuluakulu a maofesi, a masukulu, a zipatala ndi a makampani m'boma lino kuti asaletse mphindi khumi za m'mawazi, ndipo ngati n'kotheka azituluka m'zipinda zawo n'kudzamwa tiyi pamodzi ndi antchito awo, chifukwa adzamvako zinthu zimene sizilankhulidwa pa msonkhano wokhala ndi wapampando ndi mlembi. Inunso akonzi ndikukupemphani kuti pa tsamba lanu la masewera muzitipatsa zotsatira za maligi a m'maboma ndi za mpira wamanja, kuphatikizapo za matimu a ku Linthipe, ku Bembeke, ku Mtakataka ndi ku Ntcheu, kuti Lolemba tizikhala ndi nkhani za ana athu omwe zoyambira tsiku.

Ine wanu,
Kalaliki wokonda masewera,
Dedza boma.