Kalata kwa anaPhiri ku Leeds

Okondedwa anaPhiri,

Uthenga wanu wafika ndipo wandikhudza kwambiri. Mukuti madokotala akana kukuikani impso ya bambo akunyumba ngakhale gulu lanu la magazi ndi limodzi. Musataye mtima, mnzanga, pakuti kukanako kwakupulumutsani.

Ife a mu labotale sitiyang'ana gulu la magazi lokha. Pa maselo athu pali mapuloteni otchedwa HLA, amene thupi limasiyanitsira zake ndi zachilendo. Majini ake (malangizo achibadwa a m'maselo) ali pa chromosome 6, kamodzi mwa timaulusi tosunga malangizowo, alipo mitundu zikwizikwi, ndipo theka timatengera kwa mayi, theka kwa bambo. Ndiye kuti mwana aliyense amene munanyamula anali ndi HLA ya bambo ake. Thupi lanu linaiona ili yachilendo, linapanga ma antibody (mapuloteni a m'magazi olimbana ndi zachilendo), ndipo silinaiwale. Dokotala Jon van Rood wa ku Leiden, ku Netherlands, anawapeza ma antibody otere mu 1958 m'magazi a amayi amene anaberekapo. Mu 1969 akatswiri ofufuza Patel ndi Terasaki anasonyeza kuti impso yoikidwa mwa munthu amene ali ndi ma antibody olimbana nayo imatha kufa nthawi yomweyo, ndipo crossmatch imene anakuyezaniyo (kuyeza ngati magazi anu akulimbana ndi maselo a wopereka impso) inachokera pamenepo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti antibody sagwira puloteni yonse. Amagwira kachigawo ka ma amino acid ochepa (tizidutswa timene timapanga puloteni), ndipo kachigawoko kamapezeka pa mitundu ingapo ya HLA. Amene anapangidwa chifukwa cha amuna anu angakanenso impso ya munthu amene simunamuonepo. Kuwonjezera apo, HLA ya ife a ku Africa ndi yosiyanasiyana kuposa ya anthu ena, pomwe opereka impso akuda ku Britain ndi ochepa, choncho odwala athu amadikira nthawi yaitali.

Lankhulani ndi alongo anu ndi achemwali anu a mayi ndi bambo mmodzi, manyazi ayi. Aliyense wa iwo ali ndi mwayi 1 pa 4 wofanana nanu kotheratu pa HLA. Funsaninso za UK Living Kidney Sharing Scheme: bambo akunyumba apereka impso kwa wodwala wina, inu n'kulandira kuchokera kwa m'bale wa wodwalayo. Ndipo akafuna kukuthirani magazi, akumbutseni kuti mukudikira impso, chifukwa magazi a munthu wina amadzutsanso ma antibody atsopano.

Munditumizire pepala la zotsatira pa WhatsApp tiliwerengere limodzi Loweruka. Moni kwa bambo ndi ana.

Ndine mnzanu,
naBanda