Mwamunamizira Isaac Asimov, konzani zimenezi

A Mkonzi,

Nkhani yanu ya sabata yatha yokhudza maloboti yandikhumudwitsa kwambiri. Mlembi wanu wati Isaac Asimov ndi amene analemba filimu ya I, Robot, ndiponso kuti moyo wake wonse ankachenjeza dziko kuti maloboti adzatiukira. Zonse ziwiri ndi bodza.

Filimuyo inatuluka mu 2004, pomwe Asimov anamwalira pa 6 April 1992. Akanailemba bwanji? Iye analemba buku la dzina limenelo mu 1950, lomwe muli nkhani zazifupi 9. Opanga filimu anangobwerekako dzinalo, malamulo atatu a maloboti ndi anthu ena a m'bukumo ngati Susan Calvin, basi.

Bodza lachiwirilo ndiye londiwawa, chifukwa latembenuza ntchito yonse ya munthuyu. Asimov ankanyansidwa ndi nkhani zakale zoti loboti imapha amene anaipanga. Kwa iye loboti ndi chipangizo, ndipo chipangizo amachiikira zotetezera ngozi. Lamulo loyamba likuti loboti isavulaze munthu, kapena kungoyang'ana munthu akuvulala. Lachiwiri, imvere munthu pokhapokha ngati kumverako kukuphwanya loyamba. Lachitatu, idziteteze yokha koma osaphwanya awiri aja.

Mlembi wanu akanawerenga Runaround, nkhani ya Asimov ya mu 1942, akanaona kuti vuto la m'nkhani za Asimov limabwera malamulowa akamakokana. M'nkhaniyo, akatswiri awiri, Donovan ndi Powell, ali pa pulaneti ya Mercury. Donovan akutuma loboti yotchedwa Speedy kukatenga m'gulu wa miyala ina yotchedwa selenium, koma akuituma mwachisawawa, osanena kuti miyoyo yawo ikudalira pamenepo. Speedy ndi yodula, choncho oipanga analimbitsa lamulo lachitatu. Ikayandikira dziwe la selenium, pali mpweya woononga chitsulo, imabwerera. Ikatalikira, lamulo lomvera limaikokanso. Mapeto ake ikungozungulira dziwelo ngati woledzera. Powell akuthetsa vutoli podziika dala pangozi padzuwa lotentha, kuti lamulo loyamba lipose enawo. Kuukira kuli pati pamenepa? Wolakwa ndi munthu amene sanalamule momveka.

Ndipo amene mwamupeputsayu si munthu wamba. Anabadwira ku Petrovichi ku Russia, makolo ake anasamukira naye ku Brooklyn mu 1923, ndipo anakulira m'sitolo ya bambo ake yogulitsa maswiti ndi magazini, momwe anayambira kuwerenga nkhani za sayansi. Analandira digiri ya udokotala wa chemistry ku Columbia University mu 1948, n'kukaphunzitsa ku Boston University. Mabuku omwe analemba kapena kusonkhanitsa ndi oposa 500, kuphatikizapo Foundation. Ngakhale mtanthauziramawu wa Oxford amavomereza kuti iye ndi amene anayamba kulemba liwu loti robotics, kutanthauza sayansi ya maloboti.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti chizolowezichi chakula. Atolankhani ambiri akungotola zomwe zikuyenda pa Facebook ndi WhatsApp n'kuziponya papepala osafufuza. Mwana wa sukulu amakhulupirira chilichonse chomwe chasindikizidwa, amakachilemba m'kalasi, mphunzitsi n'kuchonga. Lero ndi Asimov, mawa mudzalakwitsa za mankhwala, anthu n'kuvulala.

Sindikizani mawu okonza pa tsamba lomwelo, osati pakona pomwe palibe amene angawaone. Ndipo mlembi wanuyo mumupatse Runaround awerenge, ndi yaifupi, madzulo amodzi amaliza.

Wowerenga nyuzipepala yanu